Lachisanu Limene Njovu Inatchedwa Mbuzi

Pamene Sajeni wa polisi amafika pa labu yoyeza mankhwala, cha m'ma 3 koloko masana, mlandu unali utagamulidwa kale. Chimene chinkasowa ndi munthu wa unyolo basi.

Bwana Wamkulu wa labuyo anamuchingamira pa masitepe, atamanga mabatani onse a jekete ngati akuyembekezera ojambula zithunzi.

"Musavutike ndi zofufuza, mayi. Munthu tili naye. Wafufuta zotsatira za miyezi isanu ndi umodzi. Mankhwala onse amene tayeza, abwino ndi oipa, pano sitikudziwa kuti ati ndi ati. Akulu anu ndalankhula nawo pafoni. Tagwirizana kuti pofika 5 koloko akhale ali m'chitokosi."

"Mwandipeputsira ntchito," anatero Sajeni, mayi wa magalasi amene anali atatha zaka makumi awiri akumva anthu a majekete akumuuza woti amumange. "Ndingomuona nkhope, ndingamange wina."

Woganiziridwayo anali atamutsekera m'kachipinda komwera tiyi. Anali mayi wochepa thupi, wovala juzi ngakhale kunja kunkatentha, chifukwa tsiku lonse ankakhala m'chipinda chozizira cha makina. Pa labupo aliyense ankangomutcha Waseva. Foni ndi makiyi anali atamulanda.

"Mundifotokozere ngati mukufotokozera azakhali anu," anatero Sajeni akukhala pansi. "Seva n'chiyani, ndipo mwaichita chiyani?"

"Ndi kompyuta yaikulu yosunga ntchito za ofesi yonse. Tili nazo zitatu, m'kabati imodzi. Iliyonse ili ndi dzina lake. Yosunga zotsatira zenizeni ndi njovu. Yoyeserera zinthu zatsopano ndi mbuzi. Yosunga makope ndi nkhokwe."

"Maina amenewa anapereka ndani?"

"Ine. Njovu sitiikhudza. Mbuzi timaipha Lachisanu lililonse 2 koloko. Ndimafufuta zonse za m'menemo kuti Lolemba tiyambe poyera."

"Ndiye lero mwapha njovu."

"Ndapha chimene chinandiuza kuti ndi mbuzi." Maso sanagwetse. "Makina atatuwo ali ndi sikirini imodzi ndi kiyibodi imodzi. Pali batani losinthira, koma ine mabatani sindiwakhulupirira, mawaya amasokonezeka. Ndimawerenga dzina. Munthu ukalowa, dzina la makinawo limaoneka koyambirira kwa mzere umene ukulembapo. Aliyense pano amadziwa kuti ndimatero, ndimachita kuwaphunzitsa. Lero panalembedwa kuti mbuzi. Ndinawerenga kawiri."

"Kenako?"

"Pasanathe mphindi khumi, a m'labu anayamba kukuwa kuti zotsatira zasowa. Ndinathamangira kumwamba, chitseko ndinasiya chosatseka, pa makina osatulukamo. Pobwerera ndi mabwana, sikirini yomweyo ikuti njovu. Mbiri ya zimene zalembedwa lero yafufutidwa. Ndinalowa mu nkhokwe kuti nditenge makope, foda ya njovu palibe. Ndipo zonsezo zachitika m'dzina langa."

"Dzina lingasinthe lokha?"

"Ayi. Koma kulisintha ndi mzere umodzi. Umalemba hostnamectl set-hostname, kenako dzina latsopano. Kutakasa shuga mu tiyi kumachedwa."

Sajeni analemba mawuwo m'kabuku kake chilembo chimodzichimodzi, Waseva akumutchulira.

"Angalembe zimenezi ndani pano?"

"Ine. Bwana Wamkulu, koma mawu awo achinsinsi olowera m'makina ali mu envulopu imene sanaitsegulepo. Ndi a Depute, achiwiri awo. Ntchito yangayi inali yawo asanakwezedwe. Nditafuna kutseka akaunti yawo anandiuza kuti mkulu salandidwa makiyi."

"Masana munali kuti?"

"Kusukulu kwa mwana wanga, aphunzitsi anandiitana. Ndinatuluka itangokwana 12, ndinabwera 2 koloko isanakwane. Mwanayo amaweruka 5 koloko, mayi. Womutenga ndine ndekha."

Sajeni anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali 3:20.

* * *

Ofesi ya a Depute inali ndi kapeti, mpando wozungulira, ndi masatifiketi asanu pakhoma. Pakati pa lachiwiri ndi lachitatu panali msomali wopanda kanthu, ndipo pansi pake utoto unali wowala kuposa khoma lonse.

"Nkhaniyi yandipweteka mumtima," anatero a Depute, bambo wa mawu okhuthala amene ankalankhula akuyang'ana pamwamba pa mutu wa womumvera. "Mtsikanayu ndinamulemba ntchito ndine. Koma kutopa, mayi, kutopa. Kulera mwana wekha si masewera. Munthu umalakwitsa, ndiye poopa manyazi umayamba kunamizira makina."

"Akuti wina anasintha dzina la seva."

"Zimenezo ine sindingazidziwe. Za makompyuta zinandipita kalekale. Masiku ano ngakhale foni amandikonzera ndi adzukulu."

"Ndamva kuti ntchitoyi inali yanu."

"Kale. Nthawi ya makina a mawaya okhuthala ngati mkono. Pano mukandiika pa kiyibodi ndingalembe kalata yokha."

"Nthawi ya nkhomaliro munali kuti?"

"Kunja, monga mwa masiku onse. Galimoto yanga inatuluka 12:15, inabwera 2 koloko. Kafunseni mlonda, ali ndi buku."

"Pamsomali apo panali chiyani?"

A Depute anatembenuka pang'onopang'ono, ngati msomaliwo akuuona koyamba.

"Kalendala."

"Yaing'ono bwanji," anatero Sajeni, n'kudzuka.

* * *

Mlonda wa pageti anali munthu wosawononga mawu. Anatsegula buku lake n'kuloza ndi chala.

"Mayi a maseva: kutuluka 12:05. Kulowa 1:50. Wapansi."

"Bwana Wamkulu?"

"Msonkhano wa kunja. Kutuluka 10. Kulowa 2:20."

"A Depute?"

"Galimoto, kutuluka 12:15. Kulowa 2:00."

"Ndafunsa za a Depute, bambo. Mwandiyankha za galimoto."

Mlonda anayang'ana ku mawindo a kumwamba, kenako pa nsapato zake.

"Buku limafuna nambala ya galimoto."

"Nanga maso anu amafuna chiyani?"

"Ine ndimachitira sawatcha galimoto imeneyo tsiku ndi tsiku. Bwana amakweza chala chimodzi, chonchi." Anakweza chala pang'ono. "Lero ndachitira sawatcha mpando."

"Munalibe munthu?"

"Dalaivala yekha. Kupita, kubwera."

"Munganene zimenezi pamaso pawo?"

"Mayi, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ine ndili ndi ana anayi." Anatseka bukulo. "Ndanena za mpando."

Inali 3:55. Foni ya Sajeni inalira. Anali mkulu wake, kufunsa ngati galimoto ya polisi ibwere. Sajeni anati ibwere, koma isathamange, matayala ndi okalamba.

Mpando wopanda munthu sumangitsa wina. Munthu akhoza kutsala muofesi chifukwa cha m'mimba. Ndipo kufikira nthawi imeneyo, umboni woti dzina la seva linasinthidwadi unali pakamwa pa woimbidwa mlandu pokha.

* * *

Mayi wolandira alendo sanadikire kufunsidwa. Anali akudikira kuyambira 3 koloko, ndipo mawu anali atamudzaza mpaka m'khosi.

"Ine ndinadziwa kuti lero kuli kanthu, achemwali. Diso ili lakhala likundiphethira kuyambira m'mawa. Waseva? Uja sangaphe ndi nyerere yomwe. Akamalemba pa kompyuta amachita kuwerenga mokweza ngati mwana wa sukulu. Koma ine ndani, ine ndi wa pakhomo. Anthu amandidutsa ngati mphasa yopukutira mapazi, osadziwa kuti mphasa imaona pansi pa nsapato."

"Ntchito yanu apa ndi yotani?"

"Kulandira mabotolo. Munthu akabweretsa mankhwala oti ayezedwe, ndimalemba mu kompyuta, pulinta imatulutsa timapepala tiwiri. Kamodzi kake, kamodzi kanga. Tanga ndimabaya pa waya apa. Nkhomaliro ndimadyera pomwe pano, chifukwa tsiku limene ndinatuluka kunabwera a Depute kudzafunsa kuti ndimalandira malipiro a chiyani."

"A Depute masana munawaona?"

"Kuwaona ayi. Kuwamva. Nsapato zawo zimalira ngati mwana wa mbalame. Zinatsikira kumunsi ku makina nditangotsegula mbale yanga. Ndinati mwina akusowa mtendere ndi nkhani ya alamu awo ija."

"Alamu awo atani?"

Mayiyo anatsitsa mawu, koma osati kwambiri.

"Simukudziwa? Mchimwene wa akazi awo ali ndi kampani ya mankhwala a chifuwa a ana. Mabotolo ndinalandira ndine. Dzulo a m'labu anatuluka nkhope zili gwa, akuti zotsatira sizili bwino, kalata yoletsa ituluka Lolemba. Tsopano zotsatira kulibe. Kuyezanso ndi masabata atatu. Ndipo podikirapo, chilolezo chongoyembekezera amasaina ndani? Ine sindinanene kanthu, achemwali. Ine ndi mphasa."

Sajeni anali atasolola kale timapepala pa waya. Sankadziwa chimene akufuna. Ankangodziwa kuti pa nyumba yonseyo, ichi chokha n'chimene makina analemba lero koma munthu sanathe kuchifufuta. Pa kapepala kalikonse panali nambala ya botolo, tsiku ndi nthawi. Pansi penipeni panali tizilembo tating'ono, timene anachita kukweza magalasi kuti atione.

11:48, njovu. 12:20, njovu. 12:36, njovu.

12:52, mbuzi.

1:15, mbuzi. 1:41, mbuzi.

"Tizilembo iti mumatiwerenga?"

"Timeneto? Zaka zisanu ndi chimodzi sindinatiwerengepo. Ndimayesa ndi dzina la kampani ya pulinta."

Sajeni anapinda timapepalato n'kutiika m'thumba la malaya. Inali 4:25.

* * *

Waseva anawerenga timapepala tija tili pa tebulo, osatikhudza.

"Ndimaika dzina la makina pansi pa pepala lililonse, kuti pepala loyeserera lisasakanikirane ndi lenileni," anatero chapansipansi. "Ndinaiwala. Mutu unaima."

"Dzina linasintha pakati pa 12:36 ndi 12:52, inu muli kusukulu. Zimenezo zikuchotsani m'chitokosi usiku uno, mwina. Koma sizikutiuza wolemba. Bwana wanu adzanena kuti munasintha muli kutali, pa foni."

Waseva ankayang'ana kapepala ka 1:15, milomo ikuyenda.

"Wani koloko," anatero.

"Yatani?"

"Tsiku lililonse 1 koloko, anthu ali ku nkhomaliro, njovu imatumiza kope la zonse ku nkhokwe. Zotsatira, mbiri ya amene analowa, zonse. Ndipo imakaziika mu foda ya dzina lake." Anadzutsa mutu. "Imadzifunsa yokha kuti ndine yani, n'kukaika pa dzina limenelo. Lero 1 koloko, inkadziyesa mbuzi."

"Ndiye zili mu foda ya mbuzi?"

"Foda ya mbuzi kulibe, mayi. Mbuzi sitiisungira makope, za kuphedwa Lachisanu. Ngati mu nkhokwe muli foda ya dzina limenelo, ndiye kuti yabadwa lero. Ine ndinangofunafuna ya njovu, nditaona kuti palibe sindinayang'anenso zina."

"Amene anafufuta foda ya njovuyo sakanaiona?"

"Munthu wothamanga amalemba dzina la chimene akufuna kupha. Sayang'ana zoyandikana nazo."

"Ngati ilipo, angaifufute pano?"

"Mzere umodzi."

Sajeni anatsegula chitseko. Pakhonde panalibe munthu. Koma kumapeto kwake, pa masitepe otsikira kumunsi, nsapato zinkalira ngati mwana wa mbalame.

* * *

Sajeni ndi Waseva anawapeza a Depute ataima pa chitseko cha chipinda cha makina, kiyi ali m'manja.

"Ndimati ndione ngati patsekedwa bwino," anatero a Depute. "Umboni umafunika kuusamala."

"Mwaganiza bwino. Titsegulireni, tiusamalire limodzi."

Bwana Wamkulu anatsika akupuma mofulumira, wotchi ili patsogolo ngati tochi. Kunja kunamveka galimoto ya polisi ikuima pageti. Inali 4:45.

M'chipindamo munkazizira ngati mosungira mitembo. Makina atatu anali m'kabati yachitsulo, timagetsi tobiriwira tikuphethira. Waseva anasendera ku mpando, koma a Depute anatambasula mkono.

"Bwana, ine ndikukana. Woganiziridwa sangakhudze kiyibodi. Akhoza kubzalamo chilichonse."

"Zoona zimenezo," anatero Bwana Wamkulu.

"Zoonadi," anatero Sajeni. "Ndiye mulembe ndinu, a Depute."

"Ine ndanena kale kuti zinandipita."

"Basi ndilemba ndine. Bwana, katengeni envulopu yanu ija."

Envulopu inabwera, ikadali yomata. Sajeni anakhala pampando, anakonza magalasi, n'kuyamba kulemba ndi zala ziwiri, Waseva akumutchulira ali chiimire pakhoma, manja kumbuyo. Chilembo chilichonse ankachisaka ngati ndalama yogwera mu udzu. Palibe amene anaseka. Koyambirira kwa mzere kunaoneka dzina: nkhokwe.

"Tsopano lembani ls, kuti itionetse zimene zilimo."

Sajeni analemba, n'kudina batani lalikulu.

Pa sikirini yakuda panatuluka liwu limodzi. Mbuzi.

"Zinyalala zoyeserera izo," anatero a Depute msangamsanga. "Zifufutidwe, zingatisokoneze."

"Mwazizindikira msanga, munthu woti zinakupitani," anatero Sajeni osatembenuka. "Tilowemo."

Munali mafayilo mazanamazana. Bwana Wamkulu anawerama, anawerenga maina a mankhwala, miyezi isanu ndi umodzi yonse, mpaka pa mankhwala a chifuwa a dzulo. Anamasula batani limodzi la jekete.

Fayilo ya mbiri inatenga nthawi kuipeza, chifukwa Sajeni analakwitsa kawiri. Itatseguka, Waseva anati atsike mpaka pa 12:40. Sajeni anawerenga mokweza, ndi mawu omwe amawerengera mndandanda wa katundu wobedwa.

"12:41, walowa depute. 12:43, depute, hostnamectl set-hostname mbuzi. 12:44, depute, hostnamectl set-hostname mbuzi. 12:46, depute, zomwezo." Anakweza magalasi. "Katatu. Kodi simunati ndi mzere umodzi?"

"Ndi umodzi," anatero Waseva. "Unagwira koyamba komwe. Koma dzina la koyambirira kwa mzere silisintha pomwepo. Limadikira kuti munthu atuluke n'kulowanso, kapena atsegule windo yatsopano pa sikirini. Amene analembayu ankaona pakadali njovu, n'kumayesa kuti makina akumukanira. Pobweza dzina la njovu anali atazitulukira."

"Wina anaba mawu anga achinsinsi," anatero a Depute. Mawu okhuthala aja anali atachepa. "Ine ndinali kunja. Buku la mlonda likunena."

"Buku likunena za galimoto. Dalaivala wanu ali panja, anzanga amufunsa kuti anadya ndi ndani." Sajeni anatulutsa kabuku kake. "Mawu achinsinsiwo munauzapo munthu?"

"Mkulu sauza munthu zinthu zotero."

"Ndi zimene ndimaganiza."

Bwana Wamkulu anayang'ana wachiwiri wawo, kenako sikirini, kenako wachiwiri wawo, ngati munthu amene wapeza njoka m'thumba la jekete yake yomwe.

"Mankhwala a ana," anatero. "Ukanasaina?"

A Depute ankayang'ana mizere itatu ija.

"Kale sizinkatero," anatero potsiriza, osauza munthu aliyense. "Kale umasintha mu fayilo, n'kuzimitsa makina."

Sajeni analemba mawu amenewo m'kabuku, pamodzi ndi nthawi yake. Kenako anatembenukira kwa Bwana Wamkulu.

"Foni ndi makiyi a mayiwa zili kuti? Ali ndi mwana woti akamutenge, ndipo kwatsala mphindi zisanu."

Bwana Wamkulu anapisa m'thumba n'kuzipereka ndi manja awiri. Anatsegula pakamwa kuti ayambe mawu amene ankaoneka kuti akhala aatali, koma Waseva anali atawerama kale pa kiyibodi.

"Ndiloleni mzere umodzi, mayi."

"Wotani?"

"Wotseka akaunti ya a Depute."

Sajeni anasuntha mpando. Waseva anawerenga dzina la koyambirira kwa mzere mokweza, kawiri, analemba, n'kutuluka akuthamanga, juzi ili m'manja.

Sajeni anatulutsa unyolo m'chikwama. A Depute anauyang'ana ngati mbale ya chakudya chimene sanaitanitse.

"Mayi, pamaso pa antchito? Ine ndi munthu wodziwika."

"Tidzera kuseri. Koma tiyambe tadutsa ku ofesi kwanu, mukatenge kalendala ija."

"Kalendala?"

"Ya pamsomali. Ndikuganiza kuti ili m'dirowa, ndipo palembedwa kuti munakhoza bwino za maseva." Anawagwira pa chigongono, mwaulemu. "Zaka zonsezi mwakhala mukufuna kuti anthu aiwerenge. Woweruza aiwerenga yonse."